Chipsera cha Limbani

Amene akukayika aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa ine nkhope ndiye ntchito yanga. Ndajambula anthu pano pa Nsipe kuyambira ndili mnyamata, kamera ili pakhosi, ndikupalasa njinga kumaukwati ndi kumaubatizo, moti kuchokera ku Champiti mpaka ku Nzama palibe mphuno imene sinadutsepo m'diso langali.

Ndiye atabwera makompyuta awa opanga nkhope za anthu oti sanabadwe, opanda mayi, opanda mudzi, anthu anathamangira kwa yani? Kwa ine! Che Amidu a sitolo ya nsalu ija anafika foni ili m'manja, akuti mnyamata wina wooneka bwino akufunsira mwana wawo wamkazi pa foni pomwepo, ndipo ine ndinangochigwira chithunzicho ndi maso, osaphethira, kuchiyang'ana, kuchiyang'anabe, mpaka mnyamata uja anayamba kutuluka thukuta mkati mwa galasi, khutu lakumanzere linasungunuka n'kutsetserekera pakolala, mano anachuluka m'kamwa ena mpaka kusowa pokhala, kenako anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, pa foni n'kutsala khoma lokha. Mukumva? Khoma lokha! Tsiku lamsika lotsatira mzere wa anthu unadutsa pokwerera mabasi, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere kusiya milu yawo mbuzi zikudya, ndipo nkhope zabodza zinkati zikangomva kutsokomola kwanga zinkazimitsa mafoni zokha, ina inachita kupepesa. Ndikulumbira, ndife pano.

Tsono mverani za Limbani, mwana wanga wachisamba, amene anapita ku Joni kalekale. Poyamba ankaimba foni, tikumva mawu ake. Kenako mawu anasiya, n'kumangobwera mauthenga olemba, akuti kuntchito salola kuyankhula pa foni. Chaka chatha mnzake wina atabwerako anandikokera pambali n'kundiuza kuti kudera kumene ankakhala kunabuka chipolowe, nyumba zinapsa, anthu anabalalika, ndipo Limbani sanamuonenso, komanso foni ya munthu kumeneko imatha kukhala m'thumba la wina. Mayi ake, Nachisale, anamva. Anasiya kudya, anasiya kupita kudimba, ntchito kungokhala pakhonde foni ili pamwendo.

Mwezi wathawu kunabwera chithunzi. Limbani wonenepa, atavala jekete yachikopa, akumwetulira, kumbuyo kwake kuli nyumba yosanja. Nachisale anandipeza ndikukonza tcheni cha njinga, anagwada, n'kundipatsa foniyo ndi manja awiri.

"A Maseko, inu mumadziwa zimenezi. Ndi mwana wathu uyu?"

Ndinapukuta manja, ndinaitenga. Mphuno ndi yanga. Mpata wa mano ndi wa mayi ake. Koma Limbani ali wamng'ono anagwa pangolo ya ng'ombe tikututa chimanga, anang'ambika pamwamba pa diso lakumanja, ndinamubereka ndekha kuthamangira naye kuchipatala magazi akundiyenderera m'khosi, ndipo chipsera chimenecho chinakula naye, chili pazithunzi zonse zimene ndinamujambula. Apa panalibe. Pamphumi ponse see, ngati dzira.

Mukumva? Ndinayang'ananso pamphumipo. Nachisale maso ake anali pakamwa panga, atawonda mpaka chitenje kuchizunguliza kawiri.

"Ndi iyeyu," ndinatero. "Wangonenepa."

Nachisale analira, anaseka, tsiku limenelo anadya, m'mawa mwake analawirira kudimba akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndi amene tulo tinandithawa. Ndamulembera Limbani uthenga kuti aimbe foni, ngakhale kungotsokomola chabe timve, koma yankho ndi lomwe lija: kuntchito salola.

Koma ndi iyeyu, ndikukuuzani! Diso langa silinandinamizepo, ndipo wotsutsa abwere atsutse pamaso panga. Mafoni a masiku ano amasalaza khungu, amafafaniza zipsera, aliyense amadziwa zimenezo. Amafafaniza, si choncho? Inu achinyamata, mumawadziwa bwino mafoniwa. Mwangoti duu bwanji? Ndiyankheni.