Matenda onse a pa Lirangwe anali m'foni ya a Wilkins

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Lirangwe zaka zapitazi akudziwa kuti malemu a Wilkins January sankapereka moni ngati anthu ena. Iwo ankati, "M'mimba muli bwanji?" Usanayankhe n'komwe, foni yatuluka kale m'jekete, magalasi ali pamphuno.

Mkuluyu anapuma ntchito yonyamula zikwama pabwalo la ndege ku Chileka. Kumeneko mlendo wina anawauza kuti masiku ano akatswiri amaona zimene anthu akufunsa pa intaneti. Anthu a dera limodzi akachuluka kufunsa za kutsegula m'mimba, iwo amadziwa kuti mliri wayamba, n'kutumiza thandizo. Koma kwathu kuno ambiri tili ndi timafoni tamabatani, ndipo wa foni yamakono bandulo amasungira mpira. Ndiye a Wilkins anadzisankha okha kukhala wofunsira dera lonse.

"Mukatsokomola osandiuza, mwatsokomola pachabe," ankatero.

Tsiku lina mai Magret, ogulitsa tomato pamsika, anayetsemula. A Wilkins anali atafika kale.

"Tayetsemulaninso, sindinamve bwino."

"Ndi tsabola uyu, a Wilkins!"

"Tsabola ndimufunsa pambuyo."

Anawerenga mokweza matenda onse amene foni inatchula, mpaka ogula anabalalika. Mai Magret anawathamangitsa ndi nzimbe mpaka pamsewu, iwo akuthawa uku akufunsa ngati mutu ukuwawanso.

Kutchalitchi nako, abusa atangotsamwa pakati pa ulaliki, a Wilkins anadina polakwika. Mawu a mzimayi wa m'foni anamveka m'Chingerezi, akulangiza abusa kuti akayezetse TB. Akwaya anagwa nacho chiseko, abusa anatsekera pomwepo Baibulo.

Funso lililonse ankalibwereza m'Chichewa, m'Chingerezi, ngakhale m'Chilomwe chothyokathyoka cha makolo awo, kuti akatswiriwo aziganiza kuti ofunsa tilipo ambiri. Galimoto yoyera ya bungwe ikatulukira pamsewu, ankaimirira n'kukonza kolala. Inkangodutsa, ulendo wa ku Zalewa.

Kenako ina inaimadi. Munatsika mtsikana wophunzira, dzina lake Molly, wa bungwe lina lofufuza za miliri, kudzachititsa msonkhano. A Wilkins anakhala kutsogolo, jekete yosita.

"Mwanawe, mafunso anga mumawaona?"

"Mafunso ati, bambo?"

Atamufotokozera, mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Bambo, pamakina athu Lirangwe saoneka. Ochokera kuno ndi ochepa, amangomira m'kati mwa a m'tauni."

"Nanga tikadwala?"

"Timaona okhawo amene ali pa intaneti."

"Oho. Ndiye osauka sitidwala eti?"

Ife tinaseka, poti kwa a Wilkins tinazolowera kuseka. Iwo sanaseke. Tinkati basi asiya, koma m'mawa mwake anali pamsika ndi foni yawo. "Akuti tachepa. Ndiwonjezera."

Dzinja limenelo kolera anafika. Mjigo wa mbali yathu unali utafa kalekale, anthu akutunga kudambo. Omwe tinkawathawa a Wilkins tinayamba kuwatumira uthenga. Ankalowa m'nyumba zimene achibale enieni ankaimira pakhomo. Ankasakaniza madzi owiritsa, shuga ndi mchere monga foni inawauzira, n'kumwetsa odwala ndi supuni. Mai Magret anawafikitsa kuchipatala ndi iwowa, atawamangirira ndi chitenje panjinga, ndipo ali moyo mpaka lero. A Wilkins akatuluka m'nyumba iliyonse ankaima pabwalo, kulemba funso, kenako kuyang'ana kumsewu.

Matenda atawagwira iwo, zala zinakana kulemba. Anapereka foni kwa mlamu wawo a Malizani, amene ankawakankha panjinga.

"Mwafunsa, alamu?"

"Ndafunsa."

"Bwerezani. Mulembe kuti Lirangwe, ndi zilembo zazikulu."

Kuchipatala anafika atazizira kale. Maliro a kolera sagona: anawakulunga m'pulasitiki, ife titaima kutali. Munthu amene anagwira aliyense, palibe analoledwa kumugwira.

Bungwe lija linabwera manda atamera kale udzu. Anatigawira ndowa ndi klorini, anatijambula tikusamba m'manja, wina akutiuza kuti timwetulire.

Pakhonde la wometa wa pamsika, pamene a Wilkins ankakonda kukhala, pano pamaima a kabaza, aliyense maso pafoni yake. Msika ukuyenda, ukayetsemula palibe amatembenuka, ndipo ena amati pali mtendere. Mwezi wathawu mai Fikirini, amasiye okhala kuseri kwa chigayo, anadwala okhaokha m'nyumba. Tonse tinkadutsa pakhomo pawo popita kumsika. Tinazidziwa pamene anansi anadabwa kuti nkhuku zawo zikulirira m'khola dzuwa lili pamutu.