Tsiku Limene Makina Anga Anatembenuza Fomu 2

Ku Phalombe kuli anthu amene mpaka lero sanditchula dzina langa lenileni. Amangoti "a Chadodolido", ndipo ine ndimavomera, chifukwa dzinalo ndinaligwirira ntchito ndi manja angawa.

Nthawi imeneyo, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, ndinkaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera chapafupi ndi Migowi. Sukulu yathu inalandira mphatso ya makompyuta atatu akale. Awiri anafika atafa kale. Imodzi yotsalayo inkayaka, ikulira ngati chigayo, ndipo ahedi athu, a Makwinja, anaipereka m'manja mwanga chifukwa ndinkasunga buku lopanda chikuto la kalembedwe ka mapulogalamu. (Ndinali nditaliwerenga mpaka pakati, koma pa sukulupo ameneyo anali kale katswiri.)

Mutu umene unanditenga mtima m'bukumo unali wa kupanga kamakina kongoyerekeza m'kati mwa kompyuta, komvera malamulo ako ako. Lamulo lililonse ndinalipatsa nambala: 1 ndi IKA, 2 ndi PHATIKIZA, 3 ndi CHOTSERA, 4 ndi LUMPHA, 5 ndi ONETSA. Kamakinako kamawerenga manambalawo limodzilimodzi n'kumachita zimene kauzidwa. Posungira zinthu kali napo pamodzi pokha, mulu ngati wa mbale zotsuka: imene waika pomaliza ndi imene umayamba kuchotsa. Ukafuna 3 kuphatikiza 4, umaika 3, n'kuika 4 pamwamba, kenako PHATIKIZA amanyamula ziwirizo n'kusiyapo 7.

Tsiku limene 7 anaoneka pagalasi ndinafuula mpaka a Makwinja anabwera akuthamanga.

"Kwapsa chiyani, aphunzitsi?"

"Bwana, taonani! Seveni!"

Anayang'ana galasilo nthawi yaitali. "Masabata asanu mwakhala muno osadya nafe, yankho lake ndi limeneli? Mukanandifunsa ine."

Mawu amenewo anandibaya. Ndinalonjeza pomwepo kuti mayeso a teremu imeneyo, ana a Fomu 2 adzaikidwa pa manambala ndi makina anga. Anandikumbutsa kuti cholembera chofiira chakhala chikugwira ntchitoyi bwinobwino kuyambira kale. Ndinayankha kuti cholembera chimatopa, chimakondera, koma makina sanama.

Kuphatikiza malikisi kunayenda bwino, ndinakuyesa kambirimbiri. Poona amene waposa mnzake, makina ankachotsera malikisi a mwana wina kwa a mnzake. Mbali imeneyi ndinailemba mothamanga sabata yotsekera, magetsi akungobwera ngati mlendo wodzapempha moto. Sindinaiyese. (Kuphatikiza kukutheka, kuchotsera kungavute pati?)

M'mawa wa tsiku lotsekera magetsi anabwera makolo atayamba kale kukhala pamabenchi pansi pa mitengo ya mango. Pepala la zotsatira litatuluka m'makina osindikizira ndinalipinda osaliwerenga, n'kulimata mu envelopu, kuti aliyense aone kuti dzanja la munthu silinakhudzepo. Ndinakalipereka ndi manja awiri pamaso pa khamu lonse.

A Makwinja anayamba ndi kunditamanda. Anati sukulu yathu yalowa m'nyengo yatsopano. Anthu anawomba m'manja, ine n'kuimirira kawiri.

"Fomu 2. Nambala wani," anatero, akukonza magalasi. "Esinala Nakhumwa."

Esinala anali mayi wa ana awiri amene anabwerera pa sukulu atakhala pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafika m'kalasi atatopa kale ndi kumunda, ankaseka kuposa aliyense, ndipo teremu iliyonse ankatseka mzere kumapeto. Tonse tinkamukonda, koma nambala wani ayi.

Mwamuna wake, a Layisoni, wonyamula anthu pa njinga, anali ataima kumbuyo. Anaponya njingayo pansi. Analowa m'bwalo akuvina, chipewa chili m'manja, akufuula, "Ndinkanena ine! Mkazi wanga ameneyo! Ndinkanena ine!" Amayi anayamba nthungululu.

Nambala thu anali mnyamata amene anajomba mayeso awiri. Nambala fili anadzidzimuka yekha atamva dzina lake, n'kuyang'ana kumbuyo ngati pali wina. A Makwinja ankawerenga akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma poti anali atanena okha kuti makina sanama, anapitiriza mpaka pansi. Dzina lomaliza linali la Tiyamike.

Apa ndi pamene nkhaniyi inaleka kuseketsa. Tiyamike anali asanatsikepo pa nambala wani chibwerereni. Amalume ake, amene ankamulera, anali atanena poyera kuti mtsikanayo akadzangolephera kamodzi, sukulu yathera pomwepo, kuli bambo wina wa ku chigwa amene akufunsira. Ndinawaona akuimirira, akukutumula fumbi pa thalauzi, n'kumukodola ndi chala. Mwanayo anatola kachikwama kake osalira n'komwe, n'kuyamba kuwatsatira.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalumpha n'kuwaimitsa. Ayi ndithu, ndinakhala phee. Amene anaimirira anali Esinala.

"Pepani ahedi," anatero mokweza, "zimenezo n'zabodza. Ine masamu ndinapeza 12." Anatembenukira kwa ine. "Sala, si inu munandilembera kuti 'limbikira' ndi cholembera chofiira? Tiyamike ndi amene amandiphunzitsa pa buleki. Ndingamupose bwanji?"

A Layisoni anasiya kuvina mwendo uli m'mwamba. "Iwe, takhala pansi! Makina anena!"

"Makinawo sanandione ndikulemba, bambo a Yamikani. Ine ndinalipo."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, ndipo pomwepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Ukafuna 9 kuchotsera 4, umaika 9, n'kuika 4 pamwamba. Woyamba kutuluka pa mulu ndi 4. Ine ndinauza makina kuti atenge woyamba kutulukayo achotsereko wachiwiri, ndiye ankawerengera 4 kuchotsera 9. Pophatikiza zilibe kanthu amene wayamba, n'chifukwa chake 7 wanga uja ankatuluka bwino. Pochotsera, wamkulu aliyense ankaoneka wamng'ono.

Ndinathamangira amalume a Tiyamike, ndinawapeza atafika kale pa msewu. Ndinayamba kufotokoza za mulu wa mbale.

"Mbale zalowa bwanji pa mayeso a mwanayu?" anafunsa.

"Bambo, ndalakwitsa ndine. Pepalalo liwerengedwe kuyambira pansi. Mwana wanu ndi nambala wani."

"Ndiye wolephera ndi inuyo?"

"Eya, ndine."

Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. "Nanga inuyo akukwatitsani kwa ndani?" Anatembenuka n'kubwerera kubwalo, Tiyamike ali pambuyo pawo, ndipo apa ndiye mwanayo analira.

A Makwinja anawerenganso pepala lomwelo kuchokera kumunsi. Sananenepo kanthu za ine, anangopempha kuti ndiimirirenso kachitatu kuti makolo andione bwino.

Kukonza kwake kunali kusinthanitsa mawu awiri pa mzere umodzi. Sizinanditengere ndi mphindi imodzi yomwe. Kuyambira pamenepo ndimayesa chilichonse ndi manambala osiyana, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo envelopu sindimata ndisanawerenge zili m'katimo. (Kusiya kudzitama ndiye kunandikanika. Teremu yotsatira ndinapemphanso Fomu 3, ahedi n'kunditsekera chitseko.)

Patapita masiku angapo ndinakumana ndi a Layisoni pa siteji ya minibasi. Ndinayesa kubisala kuseri kwa matumba a mpunga, koma anandiona. Anandikweza pa njinga mokakamiza n'kuyamba kupalasa kulowera kwathu mpaka tinawoloka kamlatho.

"Aphunzitsi," anatero kenako, "ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma chibadwire sindinavinepo ngati tsiku lija. Madzulo ake ndinamuphera nkhuku ndithu mkazi wanga, chifukwa anaimirira pagulu n'kukana ulemu umene sunali wake." Anapalasa pang'ono, n'kucheuka. "Komabe makina anuwo musawakonze kwambiri. Mwina chaka chamawa adzandikumbukirenso."

Ndinali nditawakonza kale. Ndinangogwiritsa chishalo n'kunena kuti ndiona.