Makina Aphunzira Ulemu M'malo mwa Tiyi

Lolemba, 6 February

Pa sikelo yathu ya tiyi pabwera mlendo. Mayi Likoswe, aphunzitsi a ku yunivesite, anyamula kamera ndi kompyuta yopinda ngati buku. Bwana manijala akuti: "Madala, sabata ino muwaphunzitse makinawa kusiyanitsa tsamba lanthete ndi lokhwima."

Ndavomera asanamalize n'komwe. Chifukwa chake ndikuuza kope lokhali, mphuno ili papepala, zilembo ngati za pachikwangwani: maso anga achita ng'ala. Chaka chachiwiri chino masamba a otchola ndimawayesa ndi zala. Maso ndimangotong'ola kuti anthu aziti ndikuona. Bwana akadziwa, ntchito yatha, nyumba ya kampani ya kumalaini tituluka. Kwathu ku Thekerani kulibe ngakhale khola loti tigonemo.

Pulani yanga: makina aziona, ine pambali ndizigwedeza mutu ngati wanzeru.

Lachiwiri, 7 February

Mayi akufotokoza, ine ndikumva pang'onopang'ono. Akuti m'kati muli ngati ukonde wa mfundo zambirimbiri. Ukawaonetsa tsamba, makinawo amayamba alota dzina lake. Akaphonya, mfundo zina zimamangika, zina zimamasuka, mpaka dzina limamatirira pa chimene akuona. Popanda kuona, akuti, mawu oti "lanthete" kwa iwo ndi phokoso chabe.

Ndiye ndi mwana basi! Mwana sumuuza kuti galu ndi chakutichakuti. Umamulozera galu.

Ntchito yalero:
kutola tsamba m'dengu,
kulifinya pang'ono (mobisa),
kulionetsa kamera,
kutchula dzina lake.
Kubwereza mpaka mkono kuuma.

Lachitatu, 8 February

Akhoza! Lililonse ndikawaonetsa akulasa. Lanthete, lanthete. Lokhwima, lokhwima. Mayi akuwomba m'manja, Bwana akuti "Very good" kawiri.

Ntchito yomwe ine ndinaiphunzira ndi matuza ndi zotukwana za akapitawo, mwanayu waimeza masiku awiri, osanyowa ndi mame omwe.

Akazi anga akuti: "Mwana wanu wa magetsiyo akakula adzakukumbukani?" Nsanje.

Lachinayi, 9 February

Mayi akufuna kuyesa makinawo, ine nditakhala patali. Aika masamba patebulo. Makina akubwebweta ngati woledzera.

Kenako akuitana a Esnati, otchola aja amene dengu lawo ndimabweza tsiku lililonse. A Esnati agwada, apereka ndi manja awiri chitsamba chokhwima chonga chikopa. Makina: lanthete!

Mayi akhala pansi kuunika zithunzi zathu zonse. Si izi! Tsamba labwino ndimalipereka ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa munthu wamkulu. Loipa ndimalilendewetsa ndi dzanja lamanzere, ngati khoswe wakufa. Ndani amapatsa mlendo zinyalala ndi manja awiri?

Mayi akuti: "Bambo, makinawa sanaphunzire tiyi. Aphunzira ulemu."

Zimene zatuluka zanthete lero:
chinangwa,
patapata wa a Esnati,
chipewa cha kapitawo,
mwala.

Lachisanu, 10 February

Nkhani yafika minda yonse. Kutacha otchola onse asanduka aulemu. Amuna a ndevu amene sanagwadirepo ngakhale apongozi akugwadira kompyuta, manja awiri, m'madengu muli timitengo. Mzere wonse ngati tsiku la mgonero. Fakitale yabweza thirakitala yathunthu. Bwana nkhope yafiira, Chichewa chawo chathawa.

Mayi akuti tiyambirenso. Masamba ajambulidwe ali patebulo, opanda dzanja la munthu, ine ndizitchula mayina poyang'ana pagalasi la kompyuta.

Pagalasi ndikuona nkhungu ya pa Chiperoni.

Ndikulota. Lanthete. Lokhwima. Lanthete. Palibe mfundo yomangika m'mutu mwanga, thukuta lokha. Kachitatuko Mayi akuti motsitsa mawu: "Bambo, ichi ndi chithunzi cha tebulo. Palibe tsamba."

Loweruka, 11 February

Mayi ndi a Sabata, lero sagwira kompyuta. Ndikukumana nawo panjira akupita kutchalitchi cha ku mishoni. Moni, moni. Akuti: "Chimene inu mumachitcha lanthete chili m'zala zanu. Kamera ilibe zala." Basi, apita.

Akanena kwa Bwana? Sakanena? Munthu wa Sabata bodza salidziwa, ndiye vuto lake.

Akazi anga ayamba kale kufunsa za matola a ku Thekerani. Mphasa akulunga. Nkhuku akuti tidye, siingakwere galimoto.

Nkhuku tadya.

Lamulungu, 12 February

Tikuchokera kutchalitchi, galimoto ya Bwana yaima pa sikelo. Makina ali m'katoni, akubwerera ku Blantyre. Mayi auza Bwana kuti ukondewo ukufunika zithunzi zambiri, zojambulidwa mwanzeru, mwina chaka chamawa. Zoona zokhazokha. Zinazo sanafunsidwe.

Bwana akukuwa kuti onse amve: "Madala, mukhala pomwepo! Maso anu aposa kompyuta!"

Ndiye nyumba tikadali nayo, mpaka tsiku limene Bwana adzandipatse kapepala kuti ndiwerenge. Mphasa akazi anga ayalanso.

Ndavula chipewa, ndathokoza Bwana motalika, mawu osankha bwino. Mayi afika kumbuyo kwanga, andigwira paphewa, anditembenuza pang'ono.

Kani ndinali kuthokoza mzati wa sikelo.