A Arvid, Jaji Wodya Sayansi

Kwathu kuno ku Nesby, mukangotchula dzina la a Arvid Skogen, anthu amayamba kuseka musanamalize n'komwe. Amenewo ndi bambo aja ankadya sayansi ya ana. Chaka ndi chaka sukulu ya pulayimale ikachititsa chionetsero cha sayansi, jaji anali iwowo, ndipo ankaweruzira pakamwa. Chimene sichinadutse pakhosi pawo, riboni ya mphotho sichinkaiona.

Ujajiwo anawapatsa chifukwa anakalambira ku fakitale ya shuga, ija imagaya biti, mbewu ya mizu yotsekemera ya m'minda yathu, n'kununkhitsa tauni yonse nyengo yozizira. Anthu anati munthu wotere sayansi amaidziwa. A Verna, mlongo wawo amene ankakhala nawo nyumba imodzi poti onse awiri sanalowe m'banja, ankadziwa kuti chida cha sayansi chimene achimwene awo anachizolowera chinali supuni basi.

Chaka china kamtsikana ka kwa a Huseby kanalendewetsa ulusi m'mabotolo awiri a madzi a shuga. Kanadikira masabata ambiri mpaka shugayo anaundana pa ulusipo ngati timiyala tonyezimira.

"Umafuna kudziwa chiyani, mwanawe?" anafunsa a Arvid.

"Ngati shuga amaundana msanga potentha kapena pozizira, agogo."

Kukutu, kukutu. "Wa potenthayu ndi wokoma. Wa pozizirayu sindinamumve bwino, ndipatse wotsalayo."

Mwanayo anabwerera kwawo ndi ulusi uwiri wonyowa ndi riboni ya buluu, osadziwa kaya alire kaya aseke.

Wina anaika shuga woyera, shuga wofiirira ndi uchi m'timbale, kuti aone chimene nyerere zimakonda. A Arvid anapisa chala monsemo, nyerere zili momwemo.

"Nyerere zakozi zalakwitsa," anatero, ina ikuyenda pa ndevu zawo. "Yankho ndi uchi."

Winanso anaviika dzira m'chakumwa choziziritsa kukhosi, kufuna kusonyeza mmene shuga amawonongera mano. A Arvid anavuula dziralo, nalipenda uku ndi uku, kenaka anagugudiza chakumwa chonse.

"Dzirali lavulala ndithu. Koma chakumwachi chilibe mlandu."

Holo yonse inafa nacho chikhakhali. Ukabwera ndi maginito kapena nyemba zomera m'thonje, ankangofunsa kuti, "Zimadyedwa?" Ukati ayi, ankakusisita pamutu n'kupitirira. Posakhalitsa maginito anatha ku Nesby. Ana onse anasanduka akatswiri a shuga, ndipo amayi awo ankaphikira limodzi nawo sayansiyo m'khitchini.

A Verna okha ndiwo sankaseka. Iwo ndi amene ankawabaya achimwene awo jakisoni wa matenda a shuga, iwo ndi amene ankatsuka chilonda cha kuphazi chimene chinkakana kupola. Ndipo chaka china dokotala ananena mosapsatira kuti akapitiriza chonchi, phazilo alidula.

A Verna anayamba ndi a hedi a sukulu. "Achotseni ujaji, chonde."

"Aa, mayi Skogen, tingawauze bwanji zimenezo? Adzakhumudwa. Komanso anthu amabwerera iwowotu."

Anapita kwa eni ake. "Achimwene, phazi limeneli mukulifunabe kapena ayi?"

"Koma ndimakana, Verna! Mulungu ndi mboni, ndimakana kawiri konse. Anawo ndi amene amaumirira."

Apo sananame. Kwathu kuno munthu woleredwa bwino salandira chakudya akangopatsidwa. Amati, "Ayi, musavutike." Mukabwereza amati, "Ndadya kale." Kachitatu m'pamene amati, "Chabwino, kachidutswa kokha." Wopereka naye akalekera panjira osafika kachitatuko, amatchuka kuti ndi womana, mpaka adzukulu ake kuchita nazo manyazi. A Arvid, ngakhale anali adyera chotero, mwambo umenewu sanauswepo. Sanatolepo kanthu asanauzidwe kachitatu.

Choncho Lamulungu lina mapemphero atatha, anthu akumwa khofi m'chipinda chapansi pa tchalitchi, a Verna anaimirira pakati pa amayi anzawo. Sanali munthu wolankhula pagulu, koma analankhula.

"Sindikupempha chachikulu. Uzani ana anu awapatse kawiri kokha. Kawiri, basi. Akana okha, palibe amene achite chipongwe, ndipo phazi lawo litsala."

Amayiwo anayang'anana ngati auzidwa kuti abwere kutchalitchi osavala.

"Kawiri kokha?" anatero a Darlene Huseby, mayi ake a kamtsikana ka ulusi kaja, amene tsopano anali ndi mwana wina m'sukulumo. "Kenaka tingokhala chete?"

"Chete."

"Mwati ndi za moyo wa munthu, titani nanga. Tichita."

Onse anavomera. Ena anawagwira a Verna dzanja n'kulonjeza kuti awapempherera.

Tsiku la chionetsero, chipale chofewa chili mbuu panja, a Arvid analowa atavala tayi yawo yofiira, akutsimphina ndi ndodo. Anaima pa tebulo loyamba, pomwe mwana anayala maswiti ophika pa moto wosiyanasiyana.

"Lawani, agogo."

"Ayi, usavutike, mwanawe."

"Lawani ndithu."

"Ndadya kale."

Mwanayo anayang'ana mayi ake, nakhala duu. A Arvid anadikira, dzanja litanyamuka kale pang'ono. Anatsokomola. Anayang'ana kudenga. Kenaka anabweza dzanjalo m'thumba n'kupita pa tebulo lachiwiri. Kumeneko chimodzimodzi. Kwinanso chimodzimodzi. Pamene ankafika pakati pa holo, nkhope yawo inali itagwa ngati ya galu wotsekeredwa panja. Anthu anazyolika. Bambo wina anatuluka, ati akaone ngati galimoto yake sinaume ndi chisanu.

A Verna anali kumbuyo, atagwira chikwama chawo ndi manja onse awiri, akupemphera chamumtima: Ambuye, atsala matebulo ochepa, alimbitseni mitima anthuwa.

A Arvid anafika pa tebulo la a Huseby. Panali keke zingapo, iliyonse ndi muyeso wake wa shuga. Mwana anapereka, a Arvid anakana. Anaperekanso, anakananso, mawu atatsika. Kunali zii. A Darlene anafiira nkhope, khosi, mpaka makutu. Analuma mlomo. Anapotokola mpango wawo.

"Aa, tengani basi, a Arvid! Kachidutswa kokha!"

"Chabwino, poti mwaumirira."

Zinali ngati damu laphulika. Amayi onse amene anali atakhala chete anathamanga ndi mbale zawo, aliyense kuopa kuti angatchuke yekha kuti anamana nkhalamba pamaso pa tauni yonse. "Zathunso, a Arvid!" "Simunalawe za Kristin wanga!" Anthu anaombera m'manja. A Arvid anadya tsiku limenelo kuposa zaka zonse, shuga ali mbuu pa tayi, maso akuwala ngati a mwana. Podutsa pafupi ndi mlongo wawo ananong'ona kuti, "Waona? Ndinakana."

A Darlene anawapeza a Verna pakhomo. "Pepanitu, mayi. Koma mwaona nokha mmene amaonekera. Ine sindikanatha."

A Verna anapita kukatenthetsa galimoto.

Phazi analidula chipale chisanasungunuke. Kenaka anadulanso pamwamba pa bondo. Anthu amene ankadzaza holo aja anatumiza makadi okongola, koma obwera kudzakhala pambali pa bedi anali ochepa, poti a Arvid a mwendo umodzi, olira ndi ululu, sanali oseketsa. Amene ankawanyamula kupita nawo kubafa anali a Verna. A Arvid anamwalira nyengo yokolola biti, malole akudutsa pansi pa windo lawo kupita ku fakitale.

Pamaliro, matebulo a kutchalitchi anadzaza makeke. Anthu anakumbutsana za nyerere, za dzira, misozi ya kuseka ikutsika. Mkulu wina wa mpingo anawagwira a Verna paphewa.

"Komabe anafa atasangalala, eti mayi?"

"Munalipo?" anafunsa a Verna. Mkuluyo anapita kukathira khofi wina.

Chionetserocho chikuchitikabe. Jaji wake tsopano ndi mphunzitsi wochokera kumzinda, amene amawerenga zonse zimene mwana walemba ndipo sakhudza kanthu. Maginito anabwerera, nyemba za m'thonje zinabwerera. Ana amaima pambali pa matebulo awo ngati ali pa mzere wa kuchipatala, ndipo makolo ambiri amadikirira m'galimoto injini ikulira. Aliyense amati tauni yazizira chichokereni a Arvid. Palibe amene ananenapo kuti tinawadyetsa ndife.

A Verna sapitako. Amakhululuka, poti pemphero la Ambuye limatero, koma amakhululuka m'mawa uliwonse mwatsopano, chifukwa dzulo lake sizinagwire. Chimene sauza munthu n'chakuti nawonso nyumba yawakulira. Kwa zaka zambiri shuga ankamubisa m'chitini cha misomali m'galaja. Tsopano shugayo amakhala poyera pa tebulo, m'mbale yosavundikira, ndipo sakutha.