Kompyuta ya a Abrahamu Itavala Zamaliro

Malemu a Abrahamu a pa Nsaru anali ndi nthenda imodzi: sankafuna kuona kompyuta yawo ili maliseche. Ena amagula kompyuta kuti iwagwirire ntchito. Iwo anaigula kuti aziiveka. M'kashopu kawo ka kuseri kwa chigayo, momwe ankaika nyimbo m'mafoni ndi kusindikiza makadi a ukwati, munthu unkadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, eni ake ali kalikiliki kusankha maonekedwe a kamuvi kolozera kaja.

Nyengo ya fodya mafoda onse ankasanduka mabelo. Mtedza ukakhwima kamuvi kankasanduka khasu. Pa Lenti sikirini yonse inkavala zapepo ngati ansembe.

Akazi awo, a Edith, sankaseka nawo. Kompyutayo sankaiopa, ankaopa anthu. Anakulira konkuno, ndipo ankadziwa kuti amene akuseka nawe lero ndi amene mawa amabwera ndi petulo.

"Bambo a Patricia, bwanji osangoisiya momwe inabwerera?"

"Inu mumapita ku Misa ndi chitenje chimodzi chaka chonse?"

"Chitenje changa sichiitana anthu pakhomo."

Chaka china mu Novembala, mwezi wopempherera mizimu ya omwalira, a Abrahamu anapyola malire. Sikirini yonse bii! Mafoda anasanduka mitumbira, kamuvi kanasanduka dzanja la mafupa okhaokha, ndipo kabini kotayamo zosafunika kanasanduka bokosi la maliro la zogwirira zagolide. Ukaponyamo kanthu, chivindikiro chinkatseka kuti gu! belu n'kulira.

Sabata yomweyo Januario, wogulitsa nyama ya nkhumba, anabwera ndi mlongo wake Sabina kudzajambulitsa chithunzi cha pa khadi la ukwati. Anamujambula ziwiri. Pa chimodzi anaphethira. Dzanja la mafupa lija linamugwira pakhosi, kumukwekweretsa sikirini yonse, gu!

"Mayo ine! Mwawaika m'manda achimwene!" anakuwa Sabina.

"Ndataya choipacho chabe, mayi. Chabwino si ichi?"

Januario anaseka nawo, koma potuluka anaphonya khomo. M'mawa mwake malungo anamugwetsa. Mvula inali itayamba, udzudzu uli ponseponse, koma pa Nsaru udzudzu sunazengedwepo mlandu.

A Edith anali kumsika pamene anaona anthu akutsetserekera kuchigayo, wina atanyamula chigubu chachikasu. Mayina awo akudziwika. Ena lero amaimba kwaya, ena ndi amene anagubuduka kwambiri pa maliro a Abrahamu omwewo. Mayiwo anataya tomato, nathamanga, nakaima pakhomo pa shopu manja ali m'mafelemu. Amuna awo anali kunsi kwa tebulo.

"Ndi chovala chabe, abale anga!" mawu ankachokera pansipo. "Mukafuna ndiika angelo!"

"Tulukani, mumutulutse munthuyo m'bokosi," anatero a Edith osacheuka.

"Mayi a Patricia, mulibe munthu umo, ndi..."

"Ndati mumutulutse, awa akuona!"

A Abrahamu anakwawa nagwira mausi. Dzanja lawo linkanjenjemera, ndiye la mafupa lija nalo linayamba kuvina pa sikirini. Amayi awiri anathawa, wina anayamba korona. Bokosi linatseguka, Januario n'kutulukira, maso ali chitsinzinire.

"Watisiya kale! Taonani maso!" Sabina anadzigwetsa pansi.

Wa chigubu uja anayamba kumasula chitsekerero. A Edith anamva fungo la petulo, natembenukira kwa amuna awo.

"Chinacho! Aonetseni chinacho!" ananong'ona.

A Abrahamu anadina. Pamalo pomwepo panabwera Januario wa maso gwa, mano onse pamtunda.

"Wapenya! Wapenyatu!"

Nthungululu zinamveka mpaka kudepoti. Anthu ali mkati movina, a Edith anazemba, nakapeza kabaza, nakweza wodwalayo kupita naye kuchipatala. Januario anachira nakwatira. Mpaka lero sanawathokoze mayiwo. Anapereka mwendo wa nkhumba kwa kompyuta.

Mavuto enieni anayamba pamenepo. Anthu anayamba kubwera ndi zithunzi za odwala awo kuti a Abrahamu aone ngati sali m'bokosi. Gogo wina wa ku Kabudula anabwera ndi cha amuna ake amene anamwalira nthawi ya njala.

"Tangoyang'anani bwino, bambo. Anali aafupi, mwina ali pansi."

A Edith ankawathamangitsa ndi tsache, podziwa kuti tsiku limene mmodzi sadzachira, chigubu chidzabweranso. Kuchotsa bokosilo ankaopanso: anthu akanati athawitsa umboni. Ndiye zina zonse zinkasintha, Khirisimasi, Pasaka, mpira, koma bokosi linangokhala pakona pake. Njinga yamoto ikaima pakhomo, mtima wa mayiwo unkaima nawo, poganiza kuti afika a chigubu aja.

Matenda a shuga anawatenga a Abrahamu chaka chatha. Pasiwa anthu ankanong'onezana kuti bwanji osangowatulutsa m'bokosi la pa kompyuta lija. A Edith anawakalipira mpaka akuluakulu a mphakati wa ku tchalitchi kuchita kuwagwira. Koma titameta, masana ena anapita okha kushopu, nakhoma chitseko, nayatsa kompyuta. Anali asanagwirepo mausi chibadwire. Analimbana nayo nthawi yaitali, kamuvi kakuthawira m'makona, mpaka bokosi linatseguka.

Munalibe kanthu.

Lero m'shopumo akugulitsamo mankhwala a mbewu. Anyamata a malaputopu amakuikira nyimbo osakuyang'ana n'komwe, kamuvi kawo koyera, kofanana chaka chonse. Podutsa kuseri kwa chigayo palibenso amene amachita chizindikiro cha mtanda. A Edith tsopano amagona osadzidzimuka, njinga zamoto zimangodutsa. Amati sankadziwa kuti tulo topanda mantha n'tozizira chotere.