Mpando Womwe Sunapemphe Moni

Anzanga, usiku wapitawu ndinalota maloto oti sindingawasunge ndekha, ndiye pirirani nane, poti kunyumba kulibe womuuza. Musadabwenso kuti ndabwera kudzabwereka timasupuni titatu. Mukudziwa kuti mawa ndikukaonekera kwa akuluakulu a sitolo yaikulu ija ya m'tauni, kukawakopa kuti chiponde changa chizikhala pa mashelefu awo. Andipatsa mphindi khumi zokha. Kale zoterezi ndinkayeserera pamaso pa malemu bambo a Tawina, iwo atakhala pampando wawo wansungwi, akugwedeza mwendo. Masiku ano ndimayeserera pamaso pa mipando.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili m'chipinda chamisonkhano chachitali ngati msewu wa ku Mchinji, dzuwa likuwala m'mawindo, botolo la chiponde lili m'manja. Kutsogolo kunakhala abambo awiri ndi mayi mmodzi, onse a masuti. Pulojekita yoonetsera zithunzi zomwe ndinakonza inatsokomola n'kundinong'oneza kuti ndisaidalire kwambiri, poti nayonso yabwera pa minibasi ndipo yatopa. Ndinayamba monga tinaleredwera, kutchula olemekezeka mmodzimmodzi. Nditangoti a bwana wamkulu, a Chikadza, mwadzidzidzi a Chikadzawo anasanduka nkhanga, taye ili m'khosi, n'kuyamba kujompha mapepala anga. Ndiye ndinapereka ulemu kwa wachiwiri wawo, nawonso n'kukhala nanzikambe, diso lina lili pa ine, lina pa foni. Mayi oona zogula katundu aja, nditangomaliza kutchula udindo wawo wonse, anakhala fulu n'kulowetsa mutu m'jekete.

Ndinati tsopano ndinene za chiponde. Koma mpando wina kumbuyo unadandaula kuti unafika m'mawa kuposa aliyense ndipo sunatchulidwe. Ndiye ndinaupepesa n'kuupatsa moni. Mwadzidzidzi mipando yonse inaima pamzere, uliwonse ndi udindo wake: wina mlembi wa mipando, wina woimira mipando yothyoka, wina mlendo wolemekezeka wochokera ku ukwati wa ku Kawale. Ine mwana wa anthu n'kumangopinda maondo, olemekezeka, olemekezeka, thukuta lili kamukamu. Wotchi yapakhoma inkatafuna mphindi zanga ngati mtedza wokazinga, n'kumalavulira makoko pansi. Zithunzi zanga makumi atatu zija, za munda, za chigayo, za ine nditavala chipewa choyera, zinatuluka mu pulojekita n'kuuluka pawindo chimodzichimodzi.

Nditadzutsa mutu, nkhanga, nanzikambe ndi fulu anali atapita kukadya nkhomaliro. M'chipinda monse munali zii. Chisoni chinandigwira, anzanga, chifukwa ndinalemekeza aliyense koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandimva. Ndinakhala pansi, botolo lili pamiyendo, losatsegula.

Ndiye kumapeto kwenikweni kwa mzere ndinaona mpando umodzi womwe sunapemphe moni. Unali wansungwi, mwendo umodzi ukugwedera wokha. Unalankhula ndi mawu omwe ndatha zaka ziwiri osawamva.

"Mayi a Tawina, anthuwo mwawabweza osadya bwanji?"

Ndinayankha kuti ndimafuna ndiyambe ndawapatsa ulemu, angati ndine wamwano.

"Moni mmodzi akwana. Tsegulani botolo alawe. M'kamwa mukamata chiponde, palibe akuduleni mawu."

Ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinapotokola chivundikiro, fungo la mtedza n'kudzaza chipinda chonse, ndipo ndinamva nkhanga ikubwerera chothamanga pakhonde, fulu akuikuwira kuti imudikire. Koma ine sindinawalabadire. Ndinatapa supuni yoyamba n'kulunjika nayo kumpando wansungwi uja, kuti alawe iwo kaye, monga ankachitira ndikangobwera kuchigayo. Ndinayenda, ndinayenda, chipinda chikungotalika, mpando ukunka nuchepa, ine n'kumawauza kuti asachoke, ndatsala pang'ono kufika.

Mwadzidzidzi kunamveka shwa, shwa, shwa. Ndinatsegula maso ndili pamkeka pabalaza, mipando inayi ili pamzere monga ndinaiikira dzulo, dzanja langa lili chitambasukire ku wansungwi uja. Mwendo wake sunkagwedera. Panja, mayi a nyumba yakuseri ankasesa pabwalo.