A Mbendera ndi Phazi Lawo Lamanzere

Ngati munakumanapo ndi mdala akuyenda chammbali ngati nkhanu m'mphepete mwa msewu, atavala kabudula wakuda, kambendera kachikasu kali m'manja, amenewo anali alamu anga, a Mbendera. Zaka makumi awiri ndi zisanu anathamanga m'mbali mwa bwalo la mpira akuthandiza oyimbira, ndipo atapuma ntchitoyo miyendo inakana kumva. Ngakhale popita kumsika ankayenda nkhope ili kumsewu, msana uli kunyumba za anthu. Minibasi ikangopitirira inzake pamalo olakwika, mbendera m'mwamba: "Ofusayidi!" Madalaivala ena ankawalizira hutala. Ena ankawatukwana, koma mwaulemu.

Ine ndimasoka nsapato pageti la bwalo lathu, ndiye ndikamakamba za mapazi a munthu ameneyu musanditsutse.

Chaka china mlongo wanga, akazi awowo, anataya magazi ambiri pa opaleshoni, n'kupulumuka ndi magazi a anthu osawadziwa n'komwe. Apo m'pomwe alamu anayambira ntchito imene inatisowetsa mtendere tonse. Chaka chilichonse ankanyamuka wapansi pabwalo lathu kupita kubwalo lalikulu la mzinda wina, ulendo wa masiku asanu ndi anayi, akuima m'mabwalo ang'onoang'ono onse a m'njira. Akafika, nthawi yopumira ankalanda maikolofoni n'kuuza ochemerera kuti galimoto ya achipatala ili panja, akapereke magazi.

"Inu a jezi yofiira, mumati timu yanu mutha kuifera. Kabotolo kamodzi kokha mukuthawa?"

Anthu ankafa ndi phwete, n'kukaima pamzere. Kukana kunalibe. Wogulitsa matikiti, chimunthu chandevu zake, tsiku lina anakabisala m'chimbudzi. Alamu anaima pakhomo mpaka mpira kutha.

"Ndimaopa jakisoni, bambo!" anakuwa ali mkatimo.

"Mukatsinzine. Ndikakugwirani dzanja."

Anakamugwiradi dzanja, munthuyo akutuluka thukuta ngati akudulidwa khosi.

Za lifiti ndiye musayambe n'komwe. Ulendo wina mvula yamatalala inawapeza pakati pa tchire, woyendetsa lole n'kuwaimira.

"Kwerani madala, palibe akuonani kuno."

"Ndikudziona ndekha," anatero alamu, n'kumukwezera mbendera chifukwa anaima pakona.

Zoseketsa zinatha chaka chomwe anakwanitsa zaka 71. Matenda a shuga anali atawagwira, ndipo pachidendene chamanzere panabuka kabala kosapola. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anafika pamalo panga atavala yunifolomu, n'kukhala pachitini cha guluu osapereka ndi moni womwe.

"Amalume, bala lija akayenda nalo masiku asanu ndi anayi, phazi adula. Sindikukuopsezani, ine ndimaziona tsiku ndi tsiku. Nsapato zawo zoyendera zili kwa inu. Musawapatse."

Ndiye ndinayamba kunama, ine munthu wa kwaya. Lolemba ndinati guluu sanaume. Lachitatu ulusi watha. Lachisanu singano yathyoka.

"Alamu, singano imathyoka kangati pamwezi?"

"Za masiku ano n'zosalimba, alamu."

Anandiyang'ana momwe ankayang'anira wosewera wodzigwetsa dala, n'kuchoka. Ndinati basi, ndapambana. Loweruka m'mawa ndikungomva kuti mdala wanyamuka kale, atavala nsapato zosongoka zija anamangira nazo ukwati. Abale inu! Nsapato zoti ngakhale munthu wabwinobwino zimamuluma kuchoka pakhomo kukafika kutchalitchi.

Foni anazimitsa, ndipo njira yomwe anatenga chaka chimenecho sanatiuze. Tinawapeza tsiku lachitatu, titabwereka pikapu ya mnzanga wogulitsa matabwa. Anali atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, nsapato yamanzere ili pambali, sokosi itamatirira pabala. Ine ndaona mapazi amitundumitundu, koma nditaona lija ndinayang'ana kumbali. Ndinachita mantha, sindibisa.

Mwana wawo anagwada pafumbi pomwepo n'kuyamba kutsuka balalo.

"Ababa, chonde tiyeni kunyumba. Likadali lotheka kupola."

"Mabwalo anayi akudikira mbendera iyi, mwanawe. Ndinalonjeza kuti ifika wapansi. Achipatala akonza kale mabotolo."

"Nanga phazi?"

"Phazi ndi langa. Magazi ndi a anthu."

Tinachonderera, tinakalipa, wogulitsa matabwa mpaka anatchula Mulungu. Mdala anangoyamba kufunafuna nsapato yake.

Pamenepo chitseko cha pikapu chinatseguka, mlongo wanga n'kutsika pang'onopang'ono. Chikwatiranireni, alamu sanamuitanepo mlongo wangayo dzina lina koma Kochi. Anatsika atanyamula chivindikiro cha katoni chomwe anatola pamalo panga, n'kuchikweza m'mwamba ndi manja awiri. Panali patalembedwa ndi khala: 71.

"Nambala 71, tulukani."

"Kochi, masewero sanathe."

"Inu mwagwira mbendera moyo wanu wonse. Wosewera akakana kutuluka kochi atamuitana, amatani naye?"

Alamu anayang'ana pansi.

"Amalangidwa," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye?"

"Ndiye bwalo silikhala lopanda munthu. Alowa ndani?"

Mlongo wanga anatembenuza chikatoni chija. Kuseri kunalembedwa kuti: MLONGO WANGA.

Ine! Palibe anandiuzako. Ine woti ndakhala pampando zaka makumi atatu, mimba ili patsogolo, woti kukagula misomali tsidya la msewu ndimapuma kawiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma ndinaona sokosi ija, ndipo ndinalandira mbendera.

Vuto linatsala la galimoto, poti alamu lifiti sakwera. Wogulitsa matabwa anakhoma benchi pomwepo n'kuimangirira kumbuyo kwa pikapu. Wotuluka m'bwalo amakhala pabenchi, limenelo ndi lamulo. Zoti benchiyo inali pagalimoto, alamu anati si nkhani yawo.

Masiku asanu ndi limodzi amenewo sindiwafunira ngakhale mdani wanga. Pikapu ikukwawa patsogolo, mdala ali pabenchi phazi lili pamtsamiro, akundikalipira dziko lonse likumva.

"Chammbali, alamu! Mukuyenda ngati mukupita kumaliro!"

"Ndikupita ku anga omwe!"

"Mbendera dzanja lamanja! Ndani anakuphunzitsani mpira inu?"

Matuza anatuluka m'zala zonse khumi, ine wosoka nsapato. M'mabwalo a m'njira anthu ankabwera kudzaona chodabwitsa, ndipo mizere ya magazi inatalika kuposa zaka zonse. Pabwalo lomaliza ndinangolowa pageti n'kugwa chagada pakapinga. Ndikutsegula maso, alamu awerama pabenchi yawo.

"Mwayesetsa. Mukapuma mukaime pamzere."

Bala lija linatenga miyezi inayi. Tsiku lomwe adokotala anachotsa bandeji komaliza n'kunena kuti lapola, mwana wawo anatuluka n'kukakhala pakhonde la chipatala, kulira ngati kamwana, odwala ake omwe akumuona. Alamu sanayendenso ulendo wautali. Mbendera anaipereka kwa ochemerera a bwalo lathu, omwe amagawana msewu tsiku limodzilimodzi, anthu anzeru. Ine anandipatsa ulemu wosayendanso.

Anatisiya chaka chathachi, masana a Lamulungu, ali pampando wawo, wailesi ikuulutsa mpira. Mlongo wanga ankayesa akusinza.

Kunena zoona, ambiri tinapumako. Munthu utha kudutsa pageti pano osafunsidwa kuti unapereka liti magazi, ndipo ine ndimagona osalota msewu. Koma Loweruka m'mawa pamakhala zii wosazolowereka. Ndimapezeka ndaika singano pansi, ndikungoyang'ana anthu akudutsa, aliyense akuyenda molunjika, mwaulemu, osakalipira munthu. Ndimawasowa alamu anga, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Zikandivuta choncho ndimakumbukira tsiku la maliro. Tisanatseke bokosi, mwana wawo anandikoka malaya n'kundilozera kumiyendo. Maso ali ofiira, koma akumwetulira.

"Amalume, taonani," anandinong'oneza. "Apita ndi mapazi onse awiri."